Mipira 100 Sidzaza Dziwe, Ine Ndinadzionera

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa mmene angapangire dziwe la mipira (chotengera chodzaza mipira yapulasitiki chosewereramo ana) la mwana wake wa chaka chimodzi popanda kuwononga ndalama zambiri. Mayi mnzanga, mwanditokosola pachilonda.

Woyamba wanga atakwanitsa chaka, ndinagula dziwe lopopa lija, lotambalala mita imodzi, ndi thumba la mipira 100. Thumbalo linkaoneka lalikulu zedi. Nditakhuthula, mipira yonse inathawira mbali imodzi, kwinako pulasitiki ali mbee. Mwana anakhala pakati, kuyang'ana mipira, kundiyang'ana ine, kenako n'kukwawira m'katoni momwe munabwera dziwelo. Bambo ake anaseka mpaka kutsokomola. Madzulo amenewo sindinawayankhule.

Mkwiyo unandichititsa masamu. Mpira wotalika masentimita 6 ndi waung'ono kuposa mmene umaonekera m'thumba. Kuti ingophimba pansi pa dziwe ngati langalo pamafunika mipira yopitirira 200, mzere umodzi wokha. Kuti ifike masentimita 20 kuya, ikufunika yoposa 800! Zithunzi za pa mapaketi zoonetsa ana atamira mpaka m'khosi sizinena zimenezi, ndipo ine ndimati ndi chinyengo basi. Komanso kunena zoona, dziwe lalikulu timagulira maso athu ife makolo, kuti chithunzi chikongole pa Facebook. Mwana wa chaka chimodzi akufuna chiyani? Kugwira, kuponya, kuluma, kumva phokoso akamavundula. Wanga uja ntchito yake inali yotaya mipira panja umodziumodzi, ine n'kumagwada kuifukula kunsi kwa sofa ndi tsache. Patapita miyezi ndinapeza wina m'nsapato.

Pamene sindinyengerera

Musagule timipira ting'onoting'ono poti n'totchipa. Malamulo a zoseweretsa ku America ndi ku Ulaya salola mpira wochepera pafupifupi masentimita 4.5 kwa mwana wosakwana zaka 3, chifukwa ukhoza kumutsamwa n'kutseka mpweya. Ngati ukulowa m'kachubu ka m'kati mwa tishu, uchotseni. Wong'ambika tayaninso: umakanda, ndipo mukatsuka umasunga madzi m'kati n'kuchita nkhungu. Mwana amene sanayambe kukhala tsonga yekha asalowemo, ndipo aliyense asasiyidwe yekha kapena kugonamo. Dziwe lopopa mukalisiya panja, likutizeni; madzi a mvula ochepa chabe amamiza mwana.

Za kutsuka ndinaphunziranso mochedwa, tsiku limene thewera linachucha. Mipira yonse m'bafa, sopo, kutsukuluza, kuyanika pa nsalu mpaka iume gwa. Tsiku limenelo ndinathokoza kuti sindinafike pa 800.

Ndiye yankho lanu, mayi: chepetsani chotengera, osati kuchulutsa mipira. Pezani katoni yolimba ya masentimita 60 mbali zonse, chotsani mawaya omangira, idulireni kuti mwana akakhala m'mphepete muzimufika pachifuwa, matani tepi pamene mwadulapo. Pansi yalani bulangeti lopinda, ndipo katoniyo muitsamiritse pakona kuti isagudubuzike. Mipira 300 ya masentimita 6 ifika pafupifupi masentimita 15, yokwanira kubisa miyendo yake. Ndalama zikavuta yambani ndi 150 m'dengu la zovala. Yogwiritsidwa kale ntchito ilibe vuto, bola muitsuke ndi kuifinya umodziumodzi kuti muone yong'ambika.