Akuti malaibulale agulitsidwa, kodi mwana asaphunzire Biblioteconomia?

Mtsikana wa kalasi 12 ku Ulongué walemba kuti akufuna kukaphunzira Biblioteconomia, maphunziro a kayendetsedwe ka malaibulale, koma bambo ake akukaniza. Ati boma lidzagulitsa malaibulale kwa amalonda, otsalawo adzatha ndi mafoni, choncho akachite unamwino. Madandaulo otere amachuluka mayeso olowera ku yunivesite akayandikira.

Bambo, laibulale ya boma angaigule ndani? Pamalo pomwe anthu amawerenga ulere palibe phindu lokopa wamalonda. Zomwe zimapita m'manja mwa makampani ndi zigawo za ntchito, monga kusikana zikalata ndi kulowetsa mndandanda wa mabuku m'kompyuta, ndipo makampaniwo amafuna anthu ophunzira zomwezi. Musamukankhire mwana ku unamwino chifukwa cha mphekesera. Namwino wokakamizidwa amazunza odwala.

Nawe mwanawe, usalote. Malaibulale a boma m'chigawo chathu cha Tete ndi ochepa, ndipo malo a ntchito amatuluka mwa apo ndi apo. Ngati cholinga chako n'kukhala pampando n'kumabwereketsa mabuku, udikira mpaka imvi.

Ntchito ili ku zikalata. Maofesi a boma amayenera kusunga mapepala awo motsatira SNAE, dongosolo la dziko losungira zikalata za boma, ndipo lamulo 34/2014 limapatsa nzika ufulu wopempha chidziwitso. Ofesi yomwe mafaelo ake ali mbwee ingayankhe bwanji? Makhoti, zipatala, migodi ya ku Moatize, kampani ya magetsi ya Cahora Bassa (HCB) ku Songo, konseko mapepala amaunjikana tsiku ndi tsiku.

Lembera mayeso a yunivesite ya Eduardo Mondlane (UEM) ku Maputo. Sukulu yawo ya ECA (Escola de Comunicação e Artes) imaphunzitsa Biblioteconomia ndi Arquivística, maphunziro a kasungidwe ka zikalata, zaka 4, ndipo ine ndingakukankhire ku Arquivística. Maphunziro oyesedwa uwaone mu edital, chikalata cholengeza mayeso, ya chaka chino, osati kumva kwa anzako. Zikakanika, sukulu ya CIDOC (Instituto Médio de Ciências Documentais) imaphunzitsa zomwezi pa mlingo wapakati.

Dipuloma yokha sikulembetsa ntchito. Dziwa Excel, kasanjidwe ka mabuku ndi manambala kotchedwa CDU, ndi Koha, pulogalamu yaulere yoyendetsera laibulale. Posikana, ika 300 dpi kuti chithunzi chioneke bwino, sunga mu PDF/A, mtundu wa PDF wosungira nthawi yayitali, udutsitse mu OCR, pulogalamu yowerenga zilembo za pa chithunzi, kuti mawu azisakika. Dzina la faelo liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku. Ambiri amagwa apa: amasiya mafaelo masauzande otchedwa scan001, scan002, pa fulashi imodzi, fulashiyo ikafa zonse zapita. Sunga makope 3, imodzi kunja kwa ofesi.

Tchuthi chino kapemphe kwa ahedi ulembe mndandanda wa mabuku 200 a sukulu yanu: mlembi, mutu, chaka, nambala ya CDU. Ukamaliza osatopa nazo, bambo akulipirire mayesowo.