Chifukwa chake "ŵanthu" sakupeza "Ŵanthu" mu database yanu

Bambo wina wa ku Katoto kuno ku Mzuzu watilembera imelo. Akusunga nkhani za Chitumbuka ndi Chichewa mu SQLite, pulogalamu ya database yosungira ndi kufufuzira zinthu pa kompyuta. Akafufuza "mzuzu" amapeza "MZUZU" bwinobwino, koma "ŵanthu" sabweretsa "Ŵanthu", ndipo "ng'ombe" amapezeka apa, apo n'kusowa. Akufunsa pomwe palakwika.

Zikomo bambo. Mavuto anu ndi atatu, ndipo loyamba ndi la SQLite yeniyeniyo. LIKE ndi NOCASE, malamulo a SQLite oyerekezera mawu, zimangodziwa kufananitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono pa zilembo 26 za ASCII, A mpaka Z. Mu Unicode, ndondomeko yopatsa chilembo chilichonse nambala yake, Ŵ ndi U+0174, ŵ ndi U+0175, ndiye kwa SQLite ndi zilembo zosiyana kotheratu.

Lachiwiri ndi lobisika, nanga maso saliona. Chilembo ŵ chimalembeka m'njira ziwiri: chimodzi chathunthu, kapena w wamba wotsatana ndi kachipewa U+0302. Pa sikirini n'zofanana ndendende, koma ma byte ake, manambala omwe kompyuta imasunga, ndi osiyana. Lachitatu ndi kachizindikiro ka mu ng'. Kiyibodi imalemba kowongoka, U+0027, pomwe Word imakonda kukasintha kukhala kopindika, U+2019.

Musakhudze mawu oyambirira. Onjezani column ina ya mawu ofufuzira. Mu Python yambani ndi unicodedata.normalize("NFD", mawu), yomwe imagawa ŵ aliyense kukhala w ndi kachipewa, kenako casefold() yosandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, musinthe U+2019 kukhala U+0027, ndipo muike index (mlozo wofulumizitsa kufufuza) pa column imeneyo. Zomwe munthu walemba pofufuza zidutse njira yomweyi, apo ayi mwagwira ntchito pachabe. Tikulangiza casefold() osati lower() chifukwa imasandutsa ß ya Chijeremani kukhala ss, choncho "Straße" amakumana ndi "STRASSE".

Kodi muchotsenso kachipewa? Ife tikuti pofufuza chotsani U+0302, poti ambiri polemba pa foni amangoti "Malawi". Koma poona ngati mawu awiri ndi amodzi musatero, chifukwa w ndi ŵ sizitchulidwa mofanana.

Mukadzalemba pulogalamu ya Android, samalani ndi toLowerCase() ya Java, yosandutsa zilembo kukhala zazing'ono, mukapanda kuiuza locale (chilankhulo choti itsate). Imatsata chilankhulo chomwe chaikidwa pa foniyo, ndipo m'Chiturkey I wamkulu amasanduka ı wopanda kadontho, ndiye "CHIBAVI" sadzapezanso "chibavi". Lembani toLowerCase(Locale.ROOT), yomwe sitsata chilankhulo cha pa foni.