Mphaka wopanda mchira uja sanamudule ayi

Mayi ena a ku Randburg anditumizira imelo, akuti abwana awo posamukira ku Cape Town awasiyira mphaka wa ubweya wautali koma alibe mchira, ndiye akufunsa ngati anachita kumudula komanso azimusamala bwanji poti nthawi zina chimbudzi chimamukanirira kumbuyo.

Mayi, palibe anamudula. Momwe mwafotokozeramu ameneyo ndi mtundu wa mphaka wotchedwa Cymric, m'bale wake wa mtundu wina wopanda mchira wotchedwa Manx wochokera pa chilumba cha Isle of Man, pakati pa Britain ndi Ireland, kungoti uyu wa ubweya wautaliyu anayamba kumuweta ngati mtundu pawokha ku Canada m'ma 1960. Ena amabadwa opandiratu mchira, ena kachitsa chabe, ena mchira wonse. Miyendo yakumbuyo ndi yayitali kuposa yakutsogolo, nchifukwa chake akamathamanga amakhala ngati kalulu.

Koma nkhani ya chimbudziyo musaitenge mwachibwana. Chomwe chimachotsa mchira ndi chomwenso chimafupikitsa msana, ndiye amphaka ena mitsempha ya kumbuyo sigwira bwino, mkodzo umangodontha, amadzimbidwa, miyendo imafooka. Madokotala amati Manx syndrome, ndipo kawirikawiri imaoneka asanakwane miyezi 4. Mumuyang'anitsitse akalowa mu bokosi lake la mchenga. Ngati akuchita bwinobwino koma zikungomata pa ubweya, metani pang'ono malo amenewo, muzipukuta ndi kansalu ka madzi ofunda. Koma akamadziwonongera osadziwa kapena kukwekwereza miyendo, pitani naye kwa dokotala wa ziweto msanga, ndalama ikavuta funsani ku SPCA, bungwe loteteza ziweto. Chonde Panado musamupatse olo kachidutswa, amapha mphaka.

Ubweya wake ndi wothithikana, pali wina wofewa mkati, ndiye mupeze chipeso muzimupesa kawiri kapena katatu pa wiki makamaka kukhwapa ndi kumimba komwe umapotana, ndipo kukayamba kutentha kuno ku Joni umathothoka kwambiri, muziona utitiri pompo. Pomunyamula dzanja lina lizikhala pansi pa matako, pamene panayenera kukhala mchirapo musamapatobwanye, ana muwauzenso.

Mkute ndi mkaka ayi, mkaka umamutsegula m'mimba, nanga ndi ubweya umenewo muchapa mpaka liti? Chakudya cha amphaka choyeza, poti amanenepa msanga. Katemera wa chiwewe ndi lamulo muno mu South Africa, afunseni abwanawo akupatseni khadi lake. Ndipo ngati sanamutseke, kamutseketseni, chifukwa awiri opanda mchira akakwerana ana ena amafera m'mimba.