Kampani ya Disney idayamba ndi makatuni, osati malo osangalalira

Achimwene, mwafunsa ngati kampani ya Disney idayamba ndi malo osangalalira aja kapena mafilimu. Idayamba ndi mafilimu a makatuni. Walt Disney ndi mkulu wake Roy adakhazikitsa kampaniyi ku Los Angeles pa 16 Okutobala 1923. Mu 1928 adalandidwa katuni yawo ya kalulu wotchedwa Oswald, chifukwa umwini wake udali m'manja mwa kampani ya Universal, ndipo m'pamene Walt ndi mnzake Ub Iwerks adapanga Mickey Mouse. Mu 1937 adatulutsa Snow White and the Seven Dwarfs, filimu yawo yoyamba yaitali.

Kwa ine, chaka chachikulu kuposa zonse ndi 1955. Pa 17 Julaye adatsegula malo awo oyamba osangalalira otchedwa Disneyland ku Anaheim m'chigawo cha California, pamalo omwe kale padali minda ya malalanje, ndipo gawo la ndalama zomangira lidachokera ku kampani ya wailesi yakanema ya ABC. Tsikulo zinthu sizidayende bwino: phula lidali lisanaume moti nsapato zazitali za amayi zinkatitimira, komabe m'masabata otsatira anthu adapitiriza kukhamukirako ndi ana awo.

Walt adamwalira mu Disembala 1966 asadaone Walt Disney World ya ku Florida, paki ina yosangalalira ngati Disneyland. Roy, yemwe adali atakalamba kale, ndiye adaimaliza n'kuitsegula pa 1 Okutobala 1971, ndipo naye adamwalira m'Disembala chaka chomwecho. Malo ena adatsegulidwa ku Tokyo mu 1983, Paris mu 1992 ndi Shanghai mu 2016.