Kodi mayi angapereke mafuta a m'mafupa kwa mwana wake?

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 amadwala matenda a magazi otchedwa sickle cell, ndipo tinamva kuti angachiriretu atamuika mafuta a m'mafupa a m'bale wake. Mlongo wake atayezedwa, anatiuza kuti sakugwirizana naye. Kodi ine mayi wake ndingapereke anga? Mayi wa ku Zomba.

YANKHO: Pepani mayi ndi matendawa. Inde n'zotheka, ngakhale kuti si nkhani yoithamangira. Chimene madokotala amafuna m'mafutawo ndi maselo opanga magazi, ndipo amayamba ayeza zizindikiro zotchedwa HLA, zimene chitetezo cha m'thupi chimazindikirira maselo ake ndi achilendo. Mwana amatengera theka la zizindikirozi kwa mayi, theka kwa bambo, n'chifukwa chake mwayi woti ana a mayi mmodzi ndi bambo mmodzi agwirizane kotheratu ndi umodzi mwa inayi, pamene inuyo mumagwirizana naye ndi theka mosakayikitsa.

Kale theka limeneli linali loopsa, chifukwa maselo a wopereka ankaukira khungu, chiwindi ndi matumbo a wodwala, vuto lotchedwa GVHD, kapena thupi la wodwala linkawakana. Zinthu zinasintha madokotala a ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore ku America, atayamba kupereka mankhwala a cyclophosphamide pa tsiku lachitatu ndi lachinayi maselo ataikidwa. Mankhwalawa amapha maselo oukira amene ayamba kuchulukana, n'kusiya opanga magazi ali bwinobwino. Zipatala zina zimachotseratu maselo oukirawo asanalowe m'thupi la mwana.

Maselo amalowa kudzera pa diripi monga magazi, popanda kung'amba mwana, koma chovuta ndi masiku oyandikana ndi tsiku loika maselowo. Mwana amayamba walandira mankhwala amphamvu ofooketsa mafuta ake ndi chitetezo chake, ndipo amakhala milungu ingapo m'chipinda chayekha, momwe ngakhale kutentha thupi pang'ono kumadzutsa madokotala usiku. Tsitsi limatha kuthothoka, m'kamwa mumatuluka zilonda, ena amadzavutika kubereka akakula, ndipo sindikubisireni kuti ena amamwalira. Pa sickle cell, kukana maselo kumachitika kwambiri wopereka akakhala wa theka kusiyana ndi m'bale wogwirizana kotheratu, n'chifukwa chake madokotala amaika patsogolo ana amene matenda awakula, monga amene anachitapo sitiroko.

Inuyo muyenera kuti muli ndi mbewu imodzi ya sickle cell, koma zimenezi sizikuletsani kupereka. Bambo ake nawonso ayezedwe, chifukwa nthawi zina magazi a mwana amakhala ndi asilikali olimbana ndi zizindikiro za kholo limodzi, ndipo zikatero kholo linalo ndi limene lingakhale loyenera kupereka.

Chithandizochi chimachitika m'mayiko monga South Africa ndi India, pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mwana amafunika kuonedwa pafupipafupi kwa miyezi yambiri akatuluka m'chipatala. Kambiranani ndi dokotala wa ana amene amamuona, ndipo pakadali pano mwana asadumphitse mankhwala a hydroxyurea ngati anamulembera, azigona m'neti, ndipo akatentha thupi muthamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo.