Mnyamata wogoletsa ku tereningi kokha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Dwangwa. Akuti mnyamata wawo wa zaka 15 amasokoneza anzake ku tereningi, koma tsiku la gemu miyendo imamulemera. Mwezi watha anaphonya penate, ndiye malume ake akuti mwanayo anamangidwa, apite naye kwa sing'anga. Bambowa akufunsa kuti atani.

Bambo, za sing'anga mukambirane ndi alamu anuwo. Ine ndinene zimene zikuchitika m'thupi la mwanayo. Mantha akamugwira, mtima umathamanga, mpweya umathera pachifuwa, minofu imauma. Chinthenthe chochepa n'chabwino, chimadzutsa munthu. Chikachuluka, phazi lomwe limadziwa kale ntchito yake limayamba kudikira mutu, ndipo mutuwo uli kwa anthu amene adzaza m'mbali mwa bwalo. Ku tereningi kulibe amene amamuwerengera zolakwa, n'chifukwa chake kumeneko amamasuka.

Geir Jordet wa ku Norway, amene wafufuza mapenate a m'mipikisano ikuluikulu kwa zaka zambiri, anapeza kuti osewera amene amathamangira kumenya wezulo ikangolira amaphonya kawirikawiri kuposa amene amayamba aima kaye. Wothamangirayo sakufuna chigoli, akufuna zimuchoke msanga.

Ndiye mnyamata wanu akhale ndi kachitidwe kake kosasintha. Aike yekha mpira pamalo pake, abwerere mapazi omwewo nthawi zonse, asankhiretu ngodya ndipo asaisinthe ngakhale goloboyi avine chotani. Wezulo ikalira, atulutse mpweya pang'onopang'ono kamodzi, kenako amenye. Golo ili pa mamita 11 basi, ku sitediyamu ya Chitowe ngakhale pabwalo la pulayimale. Mukapemphenso kochi kuti mapenate aziwamenyetsa kumapeto, ana atatopa, anzawo akukuwa, aliyense mwayi umodzi wokha. Kumenya mapenate khumi uku akuseka sikuphunzitsa kanthu.

Koma gawo lalikulu ndi lanu, ndipo mundikhululukire. Mwalemba kuti tsikulo munamufunsa chifukwa chimene anakuchititsirani manyazi. Mwana amene akudziwa kuti kunyumba kuli mlandu amamenya mpira ali ndi anthu awiri oti awagonjetse, goloboyi ndi bambo ake. Kumbukirani chigoli cha Gabadinho Mhango pa Morocco mu Januwale 2022 ku Cameroon, chomenyera kutali kuja. Ine ndimaona kuti woopa kukalipiridwa sangayese n'komwe mpira wotero.

Gemu ikatha, muguleni nzimbe, muyende naye, ayambe yekha kulankhula. Akapanda kuyamba, nkhani ya mpira idikire mawa.

Mukaona kuti papita masabata sakugona, sakudya, kapena akukana sukulu ndi anzake omwe, imeneyo si nkhani ya penate. Pitani naye kuchipatala, mukafunse oona za matenda a maganizo.