Ova-ova sakwera Thabwa: mafunso a wailesi ndi Morse kuno ku chigwa

Mafunso a mafoni ogwera m'madzi ndiwayankha ulendo wina. Lero ndatola anayi okhudza mawailesi olankhulirana, chifukwa mitambo ikayamba kuda anthu a kuno kumunsi amakumbukira momwe magetsi ndi netiweki zinatithawira nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022, komanso Freddy mu Malichi 2023.

Funso: Ndine mphunzitsi kuno ku Makhanga. Ndinagula ma ova-ova awiri a Baofeng kuti madzi akatitsekera ndizilankhula ndi mchimwene wanga ku Blantyre. Tayesa, koma ngakhale ku Bangula mawu akufika modukaduka. Kodi anandigulitsa zabodza?

Aphunzitsi, sanakupusitseni ayi. Mawailesi anuwo ali bwinobwino, kungoti mwawatuma ntchito yosakhala yawo. Baofeng imagwira pa VHF ndi UHF, ndipo mafunde amenewa amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Kumene tochi singaunike, nawonso safikako. Mutaima pansi awiri, aliyense wailesi m'manja, mukalankhulana pa mtunda wa makilomita 5 kapena 8 ndiye kuti tsikulo mwadzuka bwino. Pakakhala nzimbe, mabango kapena nyumba pakati panu, mtundawo umachepanso. Tsono taganizani za Blantyre. Ife tili pansi penipeni pa dziko lino: pamene Shire amatulukira kulowa m'Mozambique ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Pakati pathu pali khoma lija aliyense amalidziwa, limene minibasi imalirira pokwera Thabwa. Mawati 5 a m'manjawo sangaboole khoma limenelo, ndipo mutagula ya mawati 50 khomalo silisuntha.

Za ku Bangula zokha ndi zosavuta. Chotsani kaeriyo ka labala kaja, mupange yanu. Dulani waya wa kopa wolimba wotalika masentimita 49 uime chilili, ndi ina inayi yofanana nayo yoloza m'mbali mopendekera pansi. Muikweze pa mlongoti wa mamita 10 n'kuilumikiza ku wailesi ndi waya wa coax, uja wobulungira wonga wa dishi. Pa msinkhu umenewo eriyo imaona pafupifupi makilomita 13, ndipo mnzanu wa tsidya linalo akakwezanso yake mumayandikira makilomita 25. Madzi a pa Mtayamoyo amaletsa munthu ndi njinga, mafunde sawaletsa.

Kuti mufike ku Blantyre mukufunika wailesi ya HF, ya mafunde aja timati shortwave, ndipo apa ndi pamene pali nkhani yokoma. Pa 7 MHz masana, ndi pa 3.5 MHz usiku, mafunde mutha kuwaponya m'mwamba molunjika. Kumwambako, makilomita 200 kapena kuposa, kuli mpweya wotchedwa ionosphere umene umawabweza pansi, ndipo amagwa mozungulira ngati madzi a paipi mukaloza kudenga. Amagwera ku Nsanje, ku Chikwawa, ku Thyolo, ku Blantyre, osalabadira phiri. Akatswiri amati NVIS. Chodabwitsa n'chakuti njira imeneyi imafuna eriyo yotsika, mamita 4 mpaka 6 kuchokera pansi, yogona chopingasa. Nsungwi ziwiri zakwana. Kutalika kwa waya mumakupeza pogawa 143 ndi nambala ya MHz. Pa 7.05 MHz yankho ndi mamita 20.3, ndiye kuti zidutswa ziwiri za mamita 10.15, coax ikulowa pakati. Dulani motalikirako pang'ono, chifukwa kufupikitsa ndi kosavuta koma waya wodula kale sumera. Ya pa 3.6 MHz imafuna mamita pafupifupi 40, choncho yang'anani kaye bwalo lanu.

Koma musanapanikize batani lolankhulira, pezani chilolezo. Mafunde a wailesi m'dziko muno amayang'anira ndi a MACRA, ndipo ma Baofeng amene muli nawowo akuwerengedwa momwemo, ngakhale amagulitsidwa ngati zoseweretsa. Choopsa chake n'chakuti kawailesi kameneka kamalola kulankhula pa malo a anthu ena, ndipo mutha kulowerera apolisi kapena ambulansi osadziwa. Wopatsidwa chilolezo cha amateur, cha anthu wamba olankhulana pa wailesi mongoikonda, amalandira dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi, monga a ku Mozambique amayamba ndi C9, a ku Zambia 9J. Mchimwene wanunso afunika chake. Dziwaninso kuti wailesi ya amateur si yochitira malonda kapena kutumizirana zinsinsi. Ngati cholinga ndi komiti ya ngozi ya m'dera lanu, afotokozereni a MACRA zimenezo momveka kuti akuuzeni chilolezo choyenera.

Funso: Ndili Fomu 3 ku Nchalo. Ndinakopera tchati cha Morse m'kope ndipo zilembo zonse ndinaloweza, koma ndikamvera pa foni zimandithamangira. Ndikamawerenga madontho a chilembo choyamba, zitatu zadutsa kale. Komanso anzanga akuti Morse inatha kalekale.

Mphwanga, kope limenelo ulitseke, ndipo ngati n'kotheka ulipereke kwa amayi akayatsire moto. Vuto lako lagona pomwepo. Ukumva kulira, n'kukusandutsa madontho m'mutu, n'kukafufuza pa tchati, kenako n'kupeza chilembo. Ulendo wautali choncho sungathamange nawo. Unaonapo woimba ulimba ku Nsanje akuwerenga kuti ndamenya kangati? Dzanja limangodziwa. Morse nayonso ndi nyimbo. A si kadontho ndi kamzere, A ndi "didaa". K ndi "daadidaa". M ndi "daadaa". Uzizinena pakamwa choncho popita kusukulu, anthu akuyese wamisala, zilibe kanthu.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya Ludwig Koch, katswiri wa ku Germany wa m'zaka za m'ma 1930. Umayamba ndi zilembo ziwiri zokha, kawirikawiri K ndi M, koma zikulira mothamanga kuyambira tsiku loyamba, liwiro la mawu 18 kapena 20 pa mphindi, kuti usapeze mpata wowerenga. Ukamalemba zolondola 9 pa 10 zilizonse, wonjezera chilembo chachitatu. Ife a Chichewa tili ndi mwayi pang'ono apa, poti K ndi M zadzaza m'chilankhulo chathu, ndipo ukangowonjezera A ndi U wayamba kale kumva "kamu", "mukamuka" ndi tina totero. Ngati zikukupanikizabe, pa mapulogalamu ophunzitsira a pa foni pali chosankha chotchedwa Farnsworth. Chimasiya chilembo chikulira mwaliwiro koma chimatalikitsa mpata pakati pa zilembo kuti mutu upume. Mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha. Chilembo chikakuphonya chisiye chipite. Ukachithamangira utaya zina zisanu.

Kutumiza uyambe pambuyo, khutu likazolowera. Muyeso wake ndi uwu: "daa" ndi wotalika ngati ma "di" atatu, mpata wa mkati mwa chilembo ndi "di" mmodzi, pakati pa zilembo atatu, pakati pa mawu asanu ndi awiri. Ophunzira ambiri amalakwitsa mipata, osati zilembo. Akaphatikiza E ndi T mothamanga, womvera amalemba A. Kiyi, kachida kogogodera Morse, usagule. Chidutswa cha sowo yodulira zitsulo yakutha, kathabwa, mabawuti awiri ndi kachitsekero ka botolo kogwirira, kiyi yatheka. Ine ndinaphunzirira pa yotero, ndipo ikadalipo m'dirowa muno. Uzidzijambula pa foni n'kumvera mawa lake. Ukalephera kumva zimene unatumiza wekha, usayembekeze kuti wa ku Johannesburg azimva. Za ŵ wathu usade nkhawa, pa Morse timangotumiza W.

Anzakowo akunena zoona theka. Kuyambira pamene Samuel Morse anatumiza uthenga wake kuchokera ku Washington kupita ku Baltimore pa 24 Meyi 1844, njira imeneyi inagwira ntchito zaka zoposa 150. Sitima za panyanja zinaisiya ngati njira yoitanira thandizo pa 1 Febuluwale 1999, ndipo mu 2003 msonkhano wa ITU, bungwe la maiko loona za mafunde a wailesi, unachotsa lamulo loti wofuna kulankhula pa HF ayambe wakhoza mayeso a Morse. Koma ukatchera kumayambiriro kwa 7 MHz kapena 14 MHz madzulo, upeza kukulira ngati nkhululu. Chifukwa chake ndi ichi: mawu a munthu amadya malo okwana 2,400 Hz, pomwe Morse imakwana mu 500 Hz kapena kuchepera apo. Khomo likachepa, phokoso lolowa limachepanso, ndiye mawati 5 a Morse amamveka pamene mawu a mawati 5 amira. Kwa munthu wa kuno wodalira batire, nkhani ndi imeneyo. Chenjezo limodzi: wailesi wamba ya shortwave sitha kukumvetsa Morse bwino, umangomva kugunda kopanda nyimbo. Pamafunika yolembedwa SSB kapena BFO. Ndipo tsiku limene udzayankhe CQ yako yoyamba, kuitana kwa munthu wofuna aliyense womuyankha, manja akunjenjemera, udzatumize QRS. Tanthauzo lake ndi "chepetsani liwiro", ndipo palibe wanzeru amene amanyoza woipempha.

Funso: Ndili ndi chilolezo ndipo mwana wanga wa ku Joni ananditumizira wailesi ya HF ya mawati 100. Kuno ku Ngabu ndimaiyendetsa ndi batire ya galimoto ndi sola. Ndikalankhula imazima n'kuyakanso yokha, ndipo masana ndimangomva phokoso lokhalokha.

Bambo, matenda ndi awiri, ndipo onse sali mu wailesi. Makina a mawati 100 amafuna mavoti 13.8, ndipo pomvera amakoka amp imodzi kapena awiri, koma mukalankhula amakoka mpaka 20 kapena kuposa pang'ono. Batire yotopa, kapena waya wowonda wokhala ndi zopanira zadzimbiri, zimagwetsa mavoti nthawi yomweyo, wailesi n'kukomoka. Ikani mita pa mapulagi a kumbuyo kwa wailesi, osati pa batire, muone pamene mukulankhula. Ikatsika kufika pa 11, mwapeza wakuba. Gwiritsani waya wonenepa, wamfupi, womangidwa ndi mabawuti, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire. Batire ya galimoto inapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, siikonda kukamidwa usiku wonse. Pezani ya sola, ndipo pa 100Ah muziwerengera theka lokha. Kutentha kwathu kwa Okutobala, kopitirira madigiri 40, kumakalambitsa batire msanga, choncho isakhale pansi pa malata kapena padzuwa.

Pakadali pano tsitsani mphamvu kufika pa mawati 20. Mudabwa kuti amene amakumvani akukumvanibe. Kuchoka pa 100 kufika pa 25 wolandira amangoona kutsika kwa gawo limodzi pa mita yake.

Phokoso la masana ndikukayikira zida za sola. Kuyesa kwake n'kwaulere: siyani wailesi pa batire yokha, muchotse inveta, chowongolera sola, matchaja a foni ndi mababu a LED, kenako muzibwezera chimodzichimodzi. Chimene chidzutse phokoso ndi chomwecho. Matchaja otchipa a pamsika ndiwo amakonda kupezeka olakwa. Mukachipeza chitalikitseni ndi eriyo, kapena muzichizimitsa pomwe mukumvera. Phokoso lothetheka ngati mafuta m'chiwaya nyengo ya mvula ndi lina, limenelo ndi la ziphaliwali, amati QRN, ndipo mankhwala ake ndi kumvera m'mamawa.

Popeza mwatchula Ngabu kotentha kuja, tsegulaninso kumbuyo kwa wailesi muone fani. Mwezi wathawu ndinalandira wailesi yotentha ngati ayironi, ndipo nditatsegula ndinapeza mavu atamanga nyumba ya dothi pa fani penipeni. Yang'ananinso coax pamene yalumikizana ndi eriyo. Mukasenda n'kupeza ulusi wa kopa wada, madzi analowa, dulani mpaka pofiira ndipo mumate bwino. Ngati coax ya mtundu wa RG-58 ikusowa, waya wa dishi wa 75 ohm umagwira pa eriyo ya zidutswa ziwiri ija, bola SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, isapitirire 2.

Funso: Mwana wanga wamanga waya kuchokera pa mtengo wa mango kulowa pa zenera la kuchipinda kwake. Akuti ndi wa wailesi. Ine ndikuopa mphenzi. Ndimuletse? Ndili ku Dyeratu.

Mayi, mantha anuwo ndi oona, ndipo mwanayo amve kuti ndakuikirani kumbuyo. Waya wautali panja umatola magetsi a m'mitambo ngakhale mphenzi itagwa kutali, ndipo ndaonapo pulagi ya eriyo ikuthetheka yokha mvula isanagwe n'komwe. Koma kumuletsa ayi. Mumuuze achite izi. Poyamba aone kuti wayayo sakudutsa pamwamba kapena pansi pa mawaya a magetsi, ndipo sangawakhudze ngakhale mtengo utagwa, chifukwa zimenezo zimapha mofulumira kuposa mphenzi. Kenako aike polumikizira panja pa nyumba, kuti akamaliza kumvera azimasula waya n'kuusiya kunja, kutali ndi khoma, osati kuuponya pansi pa bedi. Akhome ndodo ya kopa ya mamita awiri m'nthaka kunja kwa zenera, alumikizeko wailesi ndi waya wonenepa wamfupi. Ndodoyo imathandiza, koma siipatsa munthu chilolezo chomvera wailesi kukugunda.

Lamulo la pakhomo likhale lakuti kuyambira Novembala mpaka Epulo eriyo imagona yomasula, ndipo amasule mitambo ikangoyamba kuunjikana ku mapiri a Thyolo, bingu lisanamveke. Likamveka iye asanamasule, asapitenso kukagwira waya. Mphenzi ikaiwononga, wailesiyo akabwere nayo kuno, ndidzaona chimene chatsala.